Kaundula wa Anti Finah

Anti Finah Marah anamwalira asanaonepo munthu wamkulu. Kwa iwo aliyense wa m'Kabala muno anali wa zaka zinayi, kaya ali ndi ndevu, kaya ali ndi akazi atatu, kaya anapita ku Maka n'kubwerako. Ukakumana nawo pamsika, asanakupatse moni ankayamba akugwira dzanja n'kuona zikhadabo. Ukafuna kulankhula pamaso pawo unkayamba wakweza mkono. Ndipo tinkakwezadi, chifukwa theka la tauni ino linadutsa pamkeka wa sukulu yawo ya mkombaphala kuseri kwa msika, ndipo iwo ankakumbukira bwinobwino amene ananyowetsa mkekawo, chaka chake ndi mbali yake.

Tsiku lina sajeni wapolisi anaimitsa njinga yamoto imene Anti anakwera, poti inanyamula anthu atatu. Anti anamuyang'ana kuyambira kunsapato mpaka kuchipewa, n'kumufunsa ngati anasiya kuyamwa chala. Sajeniyo anabisa dzanja m'thumba, njinga n'kudutsa. Pamisonkhano ya makolo ankauza wapampando wathu, Alhaji Sorie wogulitsa nyama, bambo wa mimba ngati mgolo, kuti ayambe wapita kukataya madzi kuti asasokoneze anzake nkhani ili pakati. Alhaji ankanyinyirika, koma ankapita.

Ine ndine Karifa Jawara, telala wa pafupi ndi mzikiti wakale. Nanenso ndinadutsa pamkeka uja, ndipo za mbali yake tisakambe.

Chaka cha Ebola chija masukulu onse anatsekedwa, misewu yolowera m'boma lathu n'kutsekedwanso. Kugwirana chanza kunaletsedwa, zimene kwa Anti zinali ngati kuwadula dzanja. Ana okulirapo anawaikira maphunziro pawailesi. Za ana a zaka zitatu, zinayi panalibe amene anaziganizira, poti ambiri ankati kumkombaphala amangopita kukaimba ndi kugona. Anti atamva anati akuluakuluwo atseka chitseko chabe, sukulu sanaitseke chifukwa sadziwa kumene imakhala. Analengeza kuti kuyambira tsikulo nyumba iliyonse ndi kalasi, ndipo kholo lililonse ndi mphunzitsi, lifune lisafune.

Vuto linali kuitana mayina. Ana analipo makumi atatu ndi mmodzi, ndipo mayunitsi oimbira nyumba zonsezo m'mawa uliwonse akanawatenga kuti? Ndiye anakonza zotere: eyiti koloko ikakwana, kholo lisambitse mwana, limukhazike pakampando, kenako liflashe foni ya Anti. Ilire kamodzi, n'kudula. Iwo ali pakhonde, magalasi pamphuno, kaundula pamiyendo, ankachonga dzina lililonse foni ikaphethira. Opanda foni ankabwereka ya oyandikana nawo n'kuflasha kawiri.

Ukapanda kuflasha, naini koloko isanakwane unkaona nsonga ya nsungwi ya Anti ikubwera pamwamba pa mipanda. Nsungwiyo inali yotalika kuposa mwini wake, ndipo inali ndi ntchito zitatu. Inkayeza mtunda woti munthu asawayandikire, kunsonga kwake ankapanirako kapepala ka ntchito ya tsikulo, ndipo ikamaliza kupereka kapepalako inkalowa m'nthiti za kholo lojomba.

Alhaji Sorie anapatsidwa ntchito yophunzitsa mwana wake wotsiriza kuwerenga pogwiritsa ntchito zinthu za pantchito pake. Patatha sabata Anti anaima kunja kwa mpanda, n'kuuza mwanayo kuti awerenge timve. Mwana anaimirira mwaulemu, manja kumbuyo.

"Umodzi, iwiri, itatu, inayi, mutu, chikopa, matumbo."

Anti sanaseke. Anati mwanayo wakhoza mbuzi yonse, wolakwa ndi bambo ake, ndipo Alhaji asankhe chimodzi: apeze mbuzi ya miyendo khumi kapena abwereze kalasi.

Ndiye panali tsiku la nyimbo ya chule. Kapepala kanati kholo lililonse lidumphe chonyonyomala pabwalo pake mwana akuwerenga madumphowo. Anti ankayenda mumsewu akusuzumira m'mipanda. Asilikali olondera atakhotera mumsewu wathu anapeza amuna asanu ndi awiri akudumpha ngati achule, mikanjo atakwinyira m'chiuno, akupuma movutika. Mmodzi wa asilikaliwo anathamangira kwa akuluakulu ake kukanena kuti matendawa abwera ndi chizindikiro china.

Tinkaseka, inde. Koma kunyumba kwanga kunalibe zoseka.

Mkazi wanga Damba anali atapita ku Makeni kukapikula nsalu sabata imene anatseka msewu. Anatsekeredwa komweko kwa mlongo wake, ine n'kutsala ndi Sirah, mwana wathu mmodzi yekhayo, wa zaka zinayi. Masiku oyamba ankafunsa kuti amama abwera liti, ine n'kumati mawa. Mawa atachuluka anasiya kufunsa. Kenako anasiya kulankhula kumene. Ankadya mpunga wake wa chigwada, ukamutuma ankapita, koma mawu ayi. Mayi ake akaimba, iye ankangogwira foni kukhutu misozi ikutsika, Damba kumeneko akulira, ine pakati ndili kakasi.

Ndinayesa njira zonse zimene bambo amadziwa, zomwe zilipo ziwiri: kugula maswiti ndi kukalipa. Ndinamumwetsanso madzi a mapemphero ochokera kwa shehe. Kuchipatala sindikanayerekeza, poti masiku amenewo ukalowa ndi mwana sunkadziwa ngati utuluka naye. Ndinkaopa kwambiri. Ndinkaopa kuti mawuwo apita osabwereranso, ndipo Damba adzapeza mwana amene ndamuwononga ndekha.

Anzanga ankalandira timapepala ta kuwerenga timiyala ndi kusiyanitsa mitundu. Kanga kanabwera kunsonga kwa nsungwi kali ndi mawu awiri okha: lankhula naye. Ndinakweza mkono.

"Anti, ndilankhule naye za chiyani? Mwana wamkazi, wa zaka zinayi, wosayankha."

"Tsiku lonse umalankhula ndi makina osokera. Amakuyankha?"

"Amenewo ndimawatukwana, Anti."

"Ndiye uchotsemo kutukwanako, zotsalazo umuuze mwana."

Kwathu kuno bambo sacheza ndi mwana wamng'ono. Amamutuma, amamudalitsa, amamugulira nsapato za pa Idi, basi. Kucheza n'kwa amayi. Ine amene ndimatha kukamba za mpira pamalo omwera tiyi wathu wa ataya mpaka tiyiyo kuzizira m'kapu, pamaso pa mwana wanga lilime linkalemera. Choncho ndinachita zimene ndinkachita kusukulu, ndinayamba chinyengo. Eyiti koloko ndinkaflasha mokhulupirika, kenako n'kumukhazika Sirah pafupi ndi wailesi kuti imulankhulire. Ndinadziona wanzeru kwa masiku anayi. Lachisanu lake Anti anapeza mwana ali phee, akumvera phunziro la ana a sekondale la mmene magazi amayendera m'thupi la ng'ombe. Nsungwi inandipeza ndili ndi mapini kukamwa. Anandifunsa ngati wailesiyo ikudziwa dzina la mwanayo.

Ndinayesapo kamodzi, ndisaname. Ndinamukhazika pambali pa makina n'kuyamba kumuuza kuti iyi ndi singano, uwu ndi ulusi, ulusi ukalowa apa umatulukira apa. Ndikupitiriza choncho, Bockarie wa njinga yamoto, woyandikana naye nyumba, anasuzumira pampanda n'kundifunsa ngati ndayamba liti kulankhula ndekha, kuti aitane galimoto yachipatala kukadali m'mawa. Ndinachita manyazi n'kusiya pomwepo. Chimene chimandipweteka mpaka lero n'chakuti Sirah anali akundiyang'ana pakamwa, akudikira kuti ulusiwo ukatuluka umapita kuti.

Kuyambira sabata imeneyo Anti anayamba kuimba foni. Nyumba zina zonse zinkangoflasha, koma kwathu kokha, hafu pasiti naini iliyonse, foni inkalira mpaka ndiyankhe. Ndinkaika foniyo kukhutu kwa Sirah, mawu awo n'kumamveka mpaka pamene ndinali.

"Sirah Jawara?"

Chete. Mayi amene sankatha kudikira munthu kuti amalize chiganizo ankadikira miniti yathunthu. Kenako ankati, "Ndamva kupuma. Alipo." Akatero ankati ndibwezere foni kukhutu kwanga.

"Karifa mwanawe, mawa umuitane ndiwe. Ine ndili kutali, iwe uli naye pompo."

Ndinkati chabwino Anti. Mawa lake ndinkadikira foni ilire. Zinayenda choncho miyezi inayi, ndipo tsiku lililonse ndinkati chabwino Anti.

Anti anagwa Lachiwiri lina m'nyengo ya mphepo yafumbi, ali pakhonde pawo, atangomaliza kuimba kwathu. Sinali Ebola, kunali kuthamanga kwa magazi kumene anali nako kalekale, koma m'masiku amenewo ndani akanawakhudza? Ngakhale mkulu wawo Ya Kumba, amene ankakhala nawo nyumba imodzi, anangoima poteropo akuitana dzina lawo. Galimoto yachipatala inafika madzulo Anti atatisiya kale. Anyamata ovala zoyera thupi lonse anawakulunga n'kuwanyamula. Lamulo linali limodzi pa maliro onse: osasambitsa, osaperekeza. Mayi amene anapukuta mamina a theka la tauni anapita kumanda popanda mmodzi wa ife kuwathira madzi. Tinangoima m'mipanda mwathu manja ali lende, tikuyang'ana fumbi la galimoto.

M'mawa mwake, eyiti koloko itakwana, ndinasambitsa Sirah, ndinamukhazika pakampando, n'kuflasha. Ndinakumbukira nditadula kale. Ya Kumba anatiuza pambuyo pake kuti foni ija inaphethira patebulo mpaka mayina onse makumi atatu ndi limodzi anakwana, ngakhale aja oflasha kawiri. Palibe amene anapangana ndi mnzake. Chaka chonse chija, limeneli linali tsiku lokhalo limene panalibe wojomba.

Hafu pasiti naini inandipeza pamakina, osasoka kanthu. Sirah anabwera yekha n'kukhala pakampando kake moyang'anizana ndi foni. Panapita mphindi zisanu, kenako khumi. Anayang'ana foni, anayang'ana ine, n'kuyang'ananso foni.

"Baba, sanandiitane."

Mawuwo anatuluka osasa, ngati chitseko chimene chakhala nthawi chisanatsegulidwe. Ndikanamuuza chiyani mwana wa zaka zinayi? Kuti amene ankamuitana amukulunga m'thumba dzulo? Panalibenso wina m'nyumbamo woti ndimuyang'ane. Ndinakonza kukhosi ngati munthu wofuna kulankhula pamsonkhano.

"Sirah Jawara?"

"Ndilipo."

Ndinalira mokweza, pakhomo pali potsegula. Bockarie anasuzumira pampanda, koma tsiku limenelo sanandiseke. Anti anadikira liwu limenelo miyezi inayi, n'kuliphonya ndi tsiku limodzi.

Pa sadaka ya masiku makumi anayi, imene tinachita mobisa nyumba ndi nyumba, Ya Kumba anandiitanira pakhonde n'kunditsegulira kaundula uja. Dzina la Sirah linali lochongedwa tsiku lililonse, osadumpha ndi limodzi lomwe. Koma pansi pa mayina a ana onse panali mzere wina, wolembedwa ndi pensulo: Karifa Jawara. Kutsogolo kwake kunali tiziro ta wojomba, kuyambira tsiku la kapepala kaja mpaka Lachiwiri limene anagwa. Kabokosi ka Lachitatu anali atakajambula kale, poti ankakonda kukonzeratu za mawa. Ndinapempha Ya Kumba kuti achongemo, chifukwa tsiku limenelo ndinalipo. Anapukusa mutu. Anati iwo si mphunzitsi, ndipo mng'ono wawo sankalola munthu kukhudza buku lakelo.

Damba anabwera msewu utatsegulidwa. Sirah pano ali kusekondale ndipo amalankhula kuposa wailesi, moti nthawi zina mayi ake amamupempha kuti apume. Nkhope ya Anti saikumbukira, amangokumbukira nsungwi. Sukulu ija ilipobe. Akuiyendetsa mtsikana waulemu kwambiri amene amatitcha mabwana ndipo amatumiza mauthenga aatali pafoni, amene ambiri sawerenga. Pamisonkhano anthu amalankhula onse nthawi imodzi. Zikhadabo za Alhaji Sorie zafika poti wogula nyama amayang'ana kumbali, ndipo palibe angamuuze. M'Kabala muno tonse tinasanduka akuluakulu tsiku limodzi, ndipo sizikutikhala.

Ya Kumba atadwala chaka chatha anandipatsa kaundula uja kuti ndisunge. Ali mu dirowa ya makina, pansi pa maulusi. Pensulo ndili nazo zambiri, ntchito yanga imafuna zimenezo. Koma munthu sadzichonga yekha, Anti anatiphunzitsa zimenezo tili pamkeka, ndiye kabokosi ka Lachitatu kali chomwecho mpaka lero.