Mboni ya Buku la Zitsime

Usiku watha ndinalota maloto oipa, anzanga, koma ndisanawafotokoze tandiuzani: kuno ku Mponela, ndani amene walitsiriza buku langa kuchokera tsamba loyamba mpaka lomaliza? A Jekete, musanene kuti palibe. Alipo.

Nonse mukudziwa kuti bukuli ndi la zitsime. Ndi nzeru za malemu bambo anga, amene anakumba zitsime zaka makumi anayi. Anandiuza zonse ali gone pamphasa, ine ndikulemba m'makope atatu, ndipo chiganizo chilichonse ndinachiwongola mpaka chinaima bwino. Ndinasindikiza ndekha mabuku zana limodzi ku Lilongwe. Mwezi womwewo kompyuta ya wosindikizayo inapsa, choncho mawu a bambo anatsala m'katoni imodzi basi, pamodzi ndi makope aja. Anthu atamva za bukuli anayamba kubwera. "Tibwerekeni limodzi, tibweza Lolemba." Buku lobwerekedwa mumalidziwa, limapita ngati wakufa. Ndinawamana onse, ngakhale a m'nyumba mwanga. Katoniyo ndinaibisa m'kachipinda kopanda simenti, kuseri kwa matumba a makala, kudikira mwambo wokhazikitsa bukuli Loweruka likudzali.

Ndiye m'malotomo katoni ija inagogoda pachitseko, nkuti, "Bambo Kamzati, valani jekete, atiitana ku ofesi yowerenga mabuku amoyo." Ndiye ndinaikweza panjinga, ine ndikupalasa, iyo ikudandaula kuti msana ukuyabwa. Mwadzidzidzi msewu unasanduka tsamba la kope, mizere yake yabuluu, ndipo ndikapatuka pang'ono pamzere, cholembera chofiira chinkatsika kumwamba nkundichonga pamutu.

Ndiye tinafika pabwalo lalikulu dzuwa lili paliwombo. Olemba odzisindikizira tonse tinalipo, aliyense ndi buku lake pamzere. Lanu la zophikaphika, mayi Nkhwazi, linkadontha mafuta, agalu akulitsatira. Ndakatulo zanu, a Jekete, zinkatsokomola ngati munthu wa chifuwa chachikulu. Panali buku la kaweteredwe ka mbuzi lomangidwa chingwe m'khosi, ndi nkhani yachikondi ya namwino wina, itakulungidwa bandeji, ikufunsa aliyense ngati waona mwamuna wa pa tsamba lachisanu. Palibe amene ankaseka.

Pakati pa bwalolo panali chitsime chouma. Ndinachizindikira ndi kamangidwe ka njerwa zake. Chinali cha bambo.

Patebulo panakhala bwana wa suti yakuda ndi kolala yoyera. Anandipatsa moni mwaulemu, ndiye ndikuyankha, mphuno yake inatalika, manja anamera nthenga, mwadzidzidzi anali khwangwala, kolala ili pomwepo. Mlembi wake anawerama kuti atole pepala, podzuka anali nungu, zolembera zili ngwingwingwi pamsana. Amene ankayankhula kwenikweni chinali chidindo cha patebulopo.

"Lamulo ndi limodzi," chinatero chidindo. "Buku libwere ndi mboni imene inaliwerenga mpaka kumapeto. Lopanda mboni, m'chitsime."

Nungu anakankha buku la mbuzi lija. Linalira kamodzi, ndipo sitinamve pamene linafikira.

"Wotsatira. Mboni yanu, akulu?"

Ndinatembenuka, ndiye ndinaona mkazi wanga ataima ndi ndowa pamutu. "Make Limbikani, auzeni anthuwa."

"Ndiwauze chiyani, bambo a Limbikani? Nditalipempha munati m'manja mwanga muli mwaye."

Ndiye anatulukira alamu anga a Chikadza atakwera pa wilibala yoyenda yokha. "Alamu, inu simunaliwerenge?"

"Ine munandiuza kuti ndidikire Loweruka, alamu. Ndikudikirabe. Kodi kudzakhala zakumwa?"

Khwangwala anajompha tebulo. Nungu anasolola cholembera chimodzi pamsana pake nkuyamba kulemba dzina la bambo anga mobwerera m'mbuyo, chilembo chilichonse akachilemba chikufufutika. Mwadzidzidzi m'chitsime munamveka mawu amene ndinawamva komaliza pamphasa paja.

"Finiyasi, kodi anthu ayamba kutunga?"

"Ayi, bambo, ndavundikira kaye. Ndikuopa angadetse."

"Ine ndinakumba kuti uvundikire?"

Ndinafuna kuyankha, koma m'kamwa mwanga munadzaza dothi. Katoni inagwira mwendo wanga nkunong'ona kuti kuyabwa kuja kwafika m'mimba. Nungu anayamba kuikankhira ku chitsime, ine ndikukoka, iye akukankha, ndipo chidindo chinadumpha m'mwamba kuti chitsike pachipumi panga.

Mwadzidzidzi pansi panang'ambika, ndiye munatuluka khamu la tianthu toyera, tovala zipewa zofiirira ngati za ogwira ntchito mumgodi, tili pamzere wowongoka bwino. Wamkulu wawo anavula chipewa.

"Pepani bwana, ife ndife mboni. Talitsiriza."

"Lonse?" chinafunsa chidindo.

"Lonse. Osati limodzi lokha, onse zana. Ndi makope atatu omwe."

Anzanga, misozi inatsika. Ndinagwada nkufunsa ngati Chichewa chake chinali chomveka.

"Chofewa kwambiri, bambo Kamzati. Ngakhale ana athu sanavutike nacho. Chikuto chokha ndiye cholimba, tachisiya."

"Nanga ndi mutu uti umene unakukomerani?"

"Wachisanu ndi chiwiri. Mwatitchulamo. Bambo anu ankatidziwa bwino."

Khwangwala anawerama, chidindo chinadinda katoni mwaulemu, ndipo olemba nonse munayamba kuwomba m'manja. Koma manja anu sankamveka ngati manja. Ankamveka kuti tswee, tswee, tswee. Ndinanyamula katoni kuti ndiionetse kwa bambo, ndiye inali yopepuka ngati lichero, ndipo m'chitsime munali zii.

Tswee, tswee. Ndinatsegula maso kutayera. Linali tsache. Make Limbikani ankasesa m'kachipinda kaja, atasuntha matumba a makala kuti apeze malo oika chimanga. Kenaka tsache linaleka.

"Bambo a Limbikani," anaitana motsitsa mawu, "tabwerani mudzaone katoni yanu."

Ndinaigwira m'mbali nkuikweza, koma pansi pake panatsalira pomwepo. M'kati munali dothi lofiira lowumbika ngati zisa, ndi zikuto zonyezimira zana limodzi, chilichonse chili ndi dzina langa ndi chithunzi cha bambo. Ndinafufuza makope aja ndi zala. Ndinapeza mawaya ake okha.

Mayi Nkhwazi, nkhuku za mwambo wa Loweruka zija musaphe. Mutu wachisanu ndi chiwiri ndi uja bambo anafotokoza kuti pamene pali chulu, madzi sakhala kutali. Amene analitsiriza buku langa ndi chiswe.