Thumba la Mphepo ya ku Mafinga

Sekani, inu a kabaza, sekani mano onse aoneke. Amene akuti ine Simfukwe sindinakwereko sitima ya azungu olemera atsike pa njinga yakeyo adzandiyang'ane m'maso. Ndikulumbira pa manda a akazi anga, anyina Lusungu, ndipo manda amenewo sindiwatchula mwamasewera.

Chinali chaka chotsatira chija tinavotera nyali ya matipate. Mwana wathu Lusungu ankaphika m'kasitima ka matanga ku nyanja yamchere, kupitirira Dar, ndiye anatipemphera malo kuti mayi ake akapumuleko, poti chifuwa chinali chitawamaliza. Koma mayiwo anakana. Ankati mpweya wa kwa eni sakuudziwa, chifuwa chawo chinazolowera mphepo ya kwathu. Ndiye ine ndinatenga thumba la feteleza, kukwera mapiri a Mafinga mwezi wa Ogasiti, nthawi ija mphepo imasasula madenga ndi kuulutsa nkhuku mpaka ku Zambia, ndinaibisalira kuseri kwa mwala, itangotulukira ndinaigwira pakhosi, tinagubuduzana kuchokera pamwamba mpaka kumtsinje, ndinaipinda katatu n'kuilonga m'thumba, kukamwa ndinamanga ndi mphira wa njinga. Mukumva?

Kasitimako, abale anga! Alendo tinali khumi ndi awiri basi, matanga oyera mbee, bedi lofewa moti nditagonapo ndinamira, anachita kundivuula ndi chingwe, patebulo masipuni asanu ndi awiri a munthu mmodzi, nsomba zimalumpha zokha kuchoka m'madzi n'kugwera m'chiwaya cha Lusungu zitadzithira kale mchere. Koma chimene ndimakumbuka ine si zimenezo. M'mawa uliwonse ndinkamasula thumba pang'ono chabe, anyina Lusungu n'kuikapo mphuno, n'kumva fumbi la kwathu ndi fungo la malezi, mawere aja, opunthidwa, chifuwa n'kuleka. Anayamba kudya. Anaseka mpaka nkhama kuoneka, kuseka kumene ndinali ndisanakumve zaka zitatu.

Tsiku lachinayi mphepo ya m'nyanja inafa. Matanga anangoti lende ngati zovala pachingwe, madzi anagwirana ngati phala lozizira, mbalame zinkatsika n'kumayenda pansi panyanjapo, injini kaputeni anakana kuliza ati alendo anabwerera bata, kenako mkuluyo anavula chipewa n'kuyamba kulira pamaso pa anthu. Ine vinyo anali atandikwera kumutu. Ndinaimirira n'kuwauza kuti kwathu ku Chitipa mphepo timayenda nayo m'thumba. Anaseka monga mukusekeramu, ndipo kusekedwa ine sindikupirira, mumandidziwa.

Ndikutulutsa thumbalo, anyina Lusungu anandigwira dzanja.

"Awisi Lusungu, musamasule yonse. Mundisiyireko."

Ndinawamva bwinobwino. Koma azungu anali atandizungulira ndi makamera awo, ndiye ndinadula mphira ndi mpeni, mphepo yonse kutuluka kamodzi, sitima kunyamuka m'madzi, kudumpha chilumba cha Zanzibar nsonga za mitengo ya kokonati zikukanda kunsi kwake, azungu onse kufiira ndi fumbi la kwathu moti akwawo sanawazindikire, ulendo wa sabata tinaumaliza tiyi asanazizire m'kapu. Mwapulika? Ndati mwamva? Anandinyamula m'mwamba, kaputeni anandiveka chipewa chake. Akazi anga sanaombe m'manja. Anatola thumba lopanda kanthu lija, kulipinda bwinobwino, n'kulisunga m'chitenje.

Pobwerera, kufika pa Mbeya anali akupuma ngati munthu wokwera phiri. Tinawagoneka m'chipatala. Ine ndinalanda thumba lija kuthamangira ku Mafinga, ndinathamanga moti chithunzithunzi changa chinatsalira m'njira chikupuma wefuwefu, mphepo ndinaipeza itabisala kuphanga poti nyengo yake inali itatha, ndinaikoka mchira, kuilonga, kutembenuka, dzuwa lisanasunthe ndinali pakhomo la chipatala thumba lili pamutu. Ndinapeza Lusungu atakhala pansi pakhonde, nsapato za mayi ake zili m'manja.

Mwaleka kuseka bwanji? Nsomba zija mutsutse, chilumba chija mutsutse, sindikudandaula. Koma zoti anandipempha kuti ndiwasiyireko ine osamva, zimenezo zimandiwawa mpaka lero, ndipo palibe bodza limene ndalipeza loti lizifafanize.

Thumbalo lili kunsi kwa bedi langa, lomanga. Amene akukayika tiyeni akalinyamule aone kulemera kwake. Koma asalimasule. Ndi la anyina Lusungu.