Mpando wa Apongozi

Ana inu, pali mwambi umene akulu amauponya akaona munthu akuseka tsoka la mnzake. Ambiri amaunena osadziwa kumene unachokera. Chiyambi chake chinali chotere.

M'mudzi wina kufupi ndi Linthipe munali mkamwini dzina lake Yotamu Kafere. Anali mlimi wa mbatata ya kachewere, wolimbikira ntchito ndithu, ndipo chaka china atakolola bwino anagula galimoto. Inali yakale, yotuwa ngati bulu, koma m'mudzi monsemo inali yokhayo. Munthu amene kale ankangotchedwa mwamuna wa Elube anayamba kutchedwa a Kafere a galimoto, ndipo mapewa ake anakwera.

M'chilimwe cha chaka chomwecho anaona kuti matumba a mbatata sakukwana m'kati. Anagula kaliyala wachitsulo wonyamulira katundu pamwamba, naboola yekha denga la galimoto, n'kumanga kaliyalayo ndi mabawuti. Kumwamba kunali kwa mbee, ndipo palibe amene anaganiza za mvula.

Mayi ake a Elube, a Nangozo, anali mayi wamasiye waulemu wake, amene ankatsogolera nyimbo pakati pa amayi a kutchalitchi. Tchalitchicho chinali kutali, tsidya la dambo, choncho Lamulungu lililonse Yotamu ankawatenga pa galimoto. Tsono mwambo wathu mukuudziwa: mkamwini ndi apongozi ake aakazi sayang'anana m'maso, sadyera m'mbale imodzi, ndipo mawu awo amadzera mwa munthu wachitatu. N'chifukwa chake a Nangozo ankakhala kumbuyo, pangodya ya kumanzere, kutali ndi woyendetsa. Pangodya imeneyo panalibe wina wokhalapo koma iwo okha.

Mvula yoyamba itagwa, Lamulungu lotsatira anapita kutchalitchi monga mwa masiku onse. A Nangozo atatsika, Yotamu anazungulira kuti akiye chitseko, ndipo maso ake anaona chimene mkamwini sayenera kuona: chitenje cha apongozi chinali chitanyowa kumbuyo. Anagwira mpando. Unali wachinyezi. Anachotsa dzanja msangamsanga ngati wagwira khala lamoto.

Munthu wanzeru akanayang'ana kumwamba. Yotamu anayang'ana msana wa mayi wokalamba amene ankalowa m'tchalitchi akukokera mpango wake m'munsi, ndipo mlandu anaugamula pomwepo.

Kufunsa apongozi sakanatha, pakuti mwambo unamutseka pakamwa. Kuuza Elube za mayi ake omubereka, manyazi anamugwira. Koma taonani kupotoka kwa ulemu umenewu: pakamwa pamene panatsekeka pamaso pa woganiziridwa, panatseguka pa bawo. Madzulo ake anali pansi pa mtengo wa mkuyu ndi mnzake Zakeyu, woyendetsa minibasi.

"Amwene, ndikuuzeni kanthu, koma kathere pompano."

"Zolowa m'khutu langa sizituluka. Nenani."

"Apongozi anga ukalamba wawapeza. Mpopi sukutsekanso."

Zakeyu anaseka mpaka kumwaza nkhomo za bawo. Kunyumba anauza mkazi wake, kuti nayenso kathere pomwepo. Mkaziyo anakatula nkhaniyo pa mjigo pamodzi ndi ndowa yake, ndipo sabata isanathe inali itafika tsidya la dambo.

Yotamu ankadziona ngati mkamwini wachifundo. Lamulungu lotsatira anabisa botolo la thobwa limene Elube ankanyamulira mayi ake. Atafika pakati pa njira anaimitsa galimoto pafupi ndi tchire.

"Ndione kaye matayala," anatero, natsika, n'kuima chofulatira, maso ali kuphiri.

"Matayala ake ati amene ali kuphiri?" anafunsa Elube.

"Ndikungoti mwina pali wina amene akufuna kuwongola miyendo."

Palibe anatsika. Pofika kutchalitchi chitenje chinali chitanyowanso, ndipo tsikulo a Nangozo atakhala pa mkeka, amayi awiri oyandikana nawo anasendera pang'ono, mwaulemu ndithu, monga amachitira anthu ofuna kuti nkhanza zawo zisamveke phokoso.

Ulendo wachitatu Yotamu anayala pangodya paja pulasitiki ya m'thumba la feteleza. A Nangozo anatsegula chitseko, naiona. Anaima kanthawi. Kenaka anatseka chitsekocho pang'onopang'ono.

"Elube, uwauze bambo kuti ndiyenda pansi. Miyendo ikufuna ntchito."

Kuyambira tsiku limenelo sanakwerenso. Posakhalitsa analeka kutsogolera nyimbo, pakuti wotsogolera amaima patsogolo, msana wake uli kwa anthu onse. Kenaka analeka n'kupita komwe.

Elube ndiye anamaliza kumva, monga zimakhalira ndi mwini nkhani. Anabwera kuchokera ku mjigo ndowa ili yopanda madzi.

"Bambo a kuno, n'zoona kuti mayi anga mwawavula pa bawo?"

"Ine ndinangouza munthu mmodzi."

"Munawaona akuchita zimenezo?"

"Ndinaona mpando utanyowa."

"Munanunkhiza?"

"Iwe! Ine ndinunkhize pamene pakhala apongozi? Malaulo amenewo!"

"Kununkhiza ndi malaulo, koma kulengeza mudzi wonse ndi ulemu? Nanga popeza mayi analeka kukwera, bwanji m'galimotomo mukununkhabe nkhungu? Bwanji magalasi amachita thukuta m'mawa uliwonse?"

"Zakale zimenezo, sizinaume," anayankha Yotamu, natuluka. Galimoto yake sakanaiganizira choipa. Kunali kwapafupi kukayikira munthu kusiyana ndi kukayikira chitsulo chimene chinamupatsa dzina.

Tsono nyengo yomweyo tchalitchi chija chinafoleredwa malata atsopano, ndipo popeza Yotamu ndiye anawanyamula pa kaliyala wake, akuluakulu anamusankha kukhala mlendo wolemekezeka pa mwambo wothokoza. Iye anaganiza kuti mlendo wolemekezeka sadziyendetsa yekha. Anapempha Zakeyu kuti agwire chiwongolero. Anavala suti yoyererako imene anaisunga kuyambira pa ukwati wake, nachotsa pulasitiki ija, pakuti bwana sakhalira thumba la feteleza. Anapapasa mpando: pamwamba panali pouma. Anakhala pangodya ya kumanzere, pamene amakhala mabwana, ngakhale kuti dzulo lake mvula inali itagwa ngati yolipsira.

Elube anakana kukwera. Anali atanyengerera mayi ake kuti apite ku mwambowo, ndipo awiriwo analawirira wapansi.

Asanafike padambo Yotamu anamva kuzizira pansi pake. Anati ndi thukuta. Galimoto inagwa m'dzenje, iye n'kudumpha, n'kubwerera pampando, ndipo anamva siponji ikufinyika ngati nsalu yochapa. Kuzizira kuja kunafalikira m'ntchafu. Anasendeza dzanja pansi, nalibweza lili chonyowa, ndipo tsopano, popeza pamalopo panakhala iye mwini, ananunkhiza. Anali madzi a mvula, onunkha dzimbiri.

Pamenepo zonse zinamubwerera: botolo la thobwa, matayala a kuphiri, pulasitiki, ndi chitseko chija chikutsekedwa pang'onopang'ono. 

"Zakeyu, tembenuza."

"Titembenuze bwanji, bwana? Simukumva nyimbo? Akukuimbirani inu."

Amayi anali atandanda mbali zonse za njira, akuwomba m'manja. Galimoto inaima pakati pawo. Mkulu wa mpingo anatsegula yekha chitseko, nawerama.

"Takulandirani, a Kafere. Tsikani."

"Ndingolankhula ndili momwemuno."

"Ha, nthabwala zanu! Tsikani, anthu akuoneni."

Anthu anamuonadi. Anatsika chammbali ngati nkhanu, koma bwalo linali lozungulira, ndipo munthu sangabise msana kwa anthu omuzinga. Pa suti yoyera ija panali chizindikiro chachikulu ngati lichero, ndipo madzi ankatsikira m'miyendo ya buluku. Nyimbo inafa mzere ndi mzere. Kunamveka kakuseka kamodzi, kenaka bwalo lonse linaphulika.

"Kodi matendawa ndi opatsirana?" anafuula mayi wina.

"Amwene," anatero Zakeyu akupukuta misozi, "nanunso mpopi?"

Yotamu analakalaka nthaka itang'ambika. Anafuna kufuula kuti ndi mpando, ndi mvula, si iye; koma anakumbukira kuti munthu wina anakhala ndi mawu omwewo pakhosi nyengo yonseyi, wopanda bwalo lowanenera.

Kumapeto kwa mzere kunali munthu mmodzi amene sanaseke. A Nangozo anamasula chitenje chawo chapamwamba, nachipinda, n'kupatsa Elube, nkhope yawo ili kumbali. Elube anadutsa pakati pa anthu, namanga chitenjecho m'chiuno mwa mwamuna wake, mfundo yake yolimba kuposa mmene inafunikira. Mlendo wolemekezeka analankhula mawu ake othokoza denga losadontha atavala chitenje cha apongozi. Kusekedwa kunamuwawa, koma chitenjecho chinamuotcha.

M'mawa mwake Elube anagubuduza mtondo, nauimika chozondotsa pafupi ndi galimoto, n'kutunga madzi.

"Lowani. Mukhale pomwe paja, muziyang'ana. Ine ndizithira."

Anansi anasonkhana kumpanda. Elube anayambira m'munsi, kuti madzi a pamwamba asasokoneze umboni. Anathira m'mphepete mwa chitseko.

"Kwabwera?"

"Kouma."

Anathira pa galasi la pambali, kenaka la kumbuyo. Yotamu ankapemphera kuti likhale labala la galasi, lotha ndi ukalamba, kuti mlandu ugwere amene anamugulitsa galimoto.

"Kwabwera?"

"Kouma."

Elube anakwera pa mtondo, nakhuthula ndowa yonse padenga. Poyamba kunali zii. Kenaka Yotamu anamva kachinyezi pangodya, kuseri kwa nsalu ya kudenga. Anaikanganula pang'ono. Dontho linali kutsika mwakachetechete m'mbali mwa chitsulo, n'kukalowa kuseri kwa mpando, m'siponji, mmene madzi ankabisala mpaka munthu atakhalapo. Analondola mzere wa dzimbiri ndi chala, ndipo unamufikitsa pa bawuti ya kaliyala, pa bowo limene anaboola ndi manja ake.

"Kwabwera?"

Palibe wina amene ankaona dontholo. Akanatha kunena kuti kouma. Anayang'ana pagalasi, naona a Nangozo atakhala pakhonde la nyumba yawo patali, akusankha nyemba, mutu uli pansi.

"Kwabwera," anatero.

"Kwezani mawu. Pa bawo simunanong'one chotere."

"Kwabwera! Ndi bawuti yanga! Ndinaboola ndine!"

Tsiku lomwelo anamasula kaliyala, napala dzimbiri, nadula timalabala ku chubu chakale, n'kutiika pansi pa bawuti iliyonse pamodzi ndi guluu wotseka ming'alu. Guluuyo atauma Elube anathiranso ndowa zingapo, ndipo m'kati munakhala mouma. Bowo la padenga linatsekeka tsiku limodzi. Linatsala linalo, la pakamwa.

"Bodza munalinyamula nokha kupita nalo ku bawo," anatero Elube. "Choonanso munyamule nokha."

Choncho anthu anaona a Kafere a galimoto atasenza mpando wa kumbuyo pamutu, madzi akuwatsikira m'khosi, akudzera pa mjigo mpaka pansi pa mkuyu. Pamenepo anautula, naupondaponda pamaso pa amuna onse, madzi ofiira ndi dzimbiri n'kuyenderera mpaka pa bawo.

"Apongozi anga alibe chilema," anatero. "Wodontha ndine, denga ndi pakamwa pomwe."

Zakeyu sanaseke. Amayi a pa mjigo aja anayamba kukumbutsana kuti iwo nkhaniyo sanaikhulupirire n'kale lomwe, pakuti bodza likafa limasowa wolira maliro ake.

Pomaliza Yotamu anagwira nkhuku yoyera, natenga chitenje chija chitachapidwa ndi kusitidwa, n'kukanjuta kuseri kwa nkhokwe ya apongozi, nkhope ili kumbali. Elube anakhala pakati.

"Uwauze mayi kuti ndalakwa. Ndilibe mawu ena."

A Nangozo anayankha akusankhabe nyemba.

"Uwauze bambo kuti tsiku loyamba ndinadziwa kuti ndi mpando. Koma ndikanayamba bwanji kunyoza galimoto ya mkamwini, ine wongokwezedwa? Ndinati adzaona okha. Tsono anthu atayamba kusendera pa mkeka, ndinayamba kudzifunsa kuti kapena ndinedi, kapena thupi landithawa osandiuza. Ndinaleka kumwa madzi, mwana wanga. Uwauze kuti chimenecho ndicho chinandipweteka, osati kuseka kwa anthu."

Elube sanabwereze mawuwo. Panalibe chifukwa; nkhokwe sitchinga mawu, ndipo mkamwini anali atamva yekha. Yotamu anagwetsa nkhope mpaka chibwano chinagunda pachifuwa.

"Nkhuku ndalandira," anapitiriza a Nangozo. "Lamulungu ndikwera, ndipo nyimbo ndikayambitsa ndine. Koma chitenjecho abwerere nacho."

"Mayi, ndi chanu," anatero Elube.

"Ayi, achisunge m'galimoto momwemo. Tsiku lina adzaona munthu wina atanyowa kumbuyo. Asadzathamangire ku bawo, adzamufunditse. Uwauze kuti dziko lino ndi lodontha, ndipo dontho silisankha mpando: chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe."