Kompyuta Yopanda Fani ndi Nyimbo za Apongozi

Ngati mudadutsapo pamsika wa Dedza boma zaka zija za matipate, mwina ndine ndidakugulitsani wailesi ija idasiya kulira musanafike n'komwe pa Chimbiya. Pepani. Koma mtima wanu ukhale pansi, Mulungu adakulipsirirani, ndipo adadzera kwa apongozi anga.

Ntchito yanga idali yokonza ndi kugulitsa mawailesi, koma luso langa lenileni lidali la pakamwa. Kunenerera. Sindidagulepo chinthu pamtengo woyamba, ngakhale mulu wa tomato. (Mkazi wanga, mayi a Tadala, adaleka kalekale kuyenda nane kumsika. Amati akafuna manyazi adzawapeza okha.)

Apongozi anga aamuna, a Gelevazio, adaphunzitsa kwaya kutchalitchi cha kwawo ku Mphunzi kuyambira ine ndisanabadwe. Nyimbo zambiri adapeka okha, ndipo zonse zidali m'mutu mwawo. Chifuwa chitayamba kuwavuta, mawu n'kumasasa, adagulitsa ng'ombe yawo yomaliza n'kundiitanitsa. Adati amva kuti masiku ano anthu akujambula nyimbo pakompyuta m'nyumba momwe, osapita kusitudiyo ku Blantyre. Popeza mkamwini wawo ndi munthu wa mawaya, ndipo kwanga kuli magetsi, ndikagule makinawo kuti nyimbo zawo zikhale pakaseti mawu asanathe. Makinawo akadzatha ntchito yawo adzatsala kwa ine, ndizidzajambula makwaya ena.

Ku Lilongwe ndidaipeza kompyutayo musitolo ina, yathunthu, yongofika n'kulumikiza, ndipo ndalama za ng'ombe zimakwana. Koma mtengo adachita kuulemba pagalasi, ndipo mtsikana wogulitsayo adati sasintha. Ine chinthu cha mtengo wosasintha chimandidwalitsa mutu. Ndidatuluka.

Panjapo ndidaganiza motere: wailesi ndimaiphwasula n'kuibwezeretsa, nanga kompyuta si wailesi yonenepa chabe? Ukagula yathunthu umanenerera kamodzi. Ukagula chiwalochiwalo umanenerera pachiwalo chilichonse. Mtima wanga udachita kuvina.

Bokosi lake ndidalipeza kwa munthu wogula katundu wakale wa m'maofesi. Sikirini ndidagula kuseri kwa depoti, kiyibodi ndidachita kulanda ngati basela. Chomaliza chidali kachipangizo kamene amati ndi ubongo wa kompyuta, kakang'ono ngati bisiketi. Bambo wogulitsayo adaikapo kafani pamwamba pake, nati ziwirizi zimayendera limodzi, chifukwa ubongowo umatentha ukamagwira ntchito.

Ndidaseka. "Akulu, mukudziwa kumene ndimakhala? Ku Dedza. Kwathu mafuta ophikira amaundana m'botolo. Faniyo mukagulitse kwa anthu a ku Nsanje."

Adandiuza kuti ndisadzabwere ndikulira. Ine mawu amenewo ndimawauza makasitomala anga tsiku lililonse pofuna kuwagulitsa mabatire, choncho ndidawamva ngati nyimbo ya wamalonda mnzanga. Kafaniko ndidakasiya patebulo pake, mtengo n'kutsika. Ndalama zotsala ndidagulira maikolofoni (ndi jekete lachikopa pakaunjika, poti mwini situdiyo sangaoneke ngati wokonza mawailesi).

Chomvetsa chisoni n'chakuti nditailumikiza, kompyutayo idayaka. Idakakana tsiku loyamba lomwelo, bwenzi nditabwerera ku Lilongwe. Koma udali mwezi wa Juni, bokosi ndidalisiya chotsegula pafupi ndi zenera, mphepo ya kuphiri ikulowa mwaufulu, ndipo makinawo amagwira ntchito ngati mwana womvera. Ndidajambula mawu anga ndikutsokomola, n'kuitana msika wonse kuti udzamve.

Loweruka lina kwaya idafika pa matola kuchokera ku Mphunzi, amayi atadzikulunga zitenje mpaka m'makutu, apongozi atakhala kutsogolo atavala suti yawo ya pa Pasaka. Chifunga chidali chisanachoke ngakhale dzuwa lidali pamutu. Tidalowa tonse m'chipinda chochezera.

Titayesa koyamba, m'nyimbomo mudalowa tambala wa aneba ndi kondakitala woitanira anthu a ku Ntcheu. Ndidatseka mawindo onse n'kukhoma mabulangete m'zipupa. Titayesa kachiwiri, maikolofoni imatola kulira kwa kompyuta yeniyeniyo, kaphokoso kokhala ngati njuchi yatsekeredwa m'chitini. Ndidatseka bokosi lake n'kulifunditsa bulangete lathu logona, lija lolemera la ku Mozambique. Phokoso lidatha. Ndidayang'ana anthu kuti aone nzeru.

Ndiye amayi oimba mawu oyamba adadandaula kuti mano akugundana, sangakweze mawu. Mayi a Tadala adalowa ndi mbaula ya makala ofiira, nafunsa poika. M'chipindamo mudalibe poponda. Malo okhawo adali pansi pa tebulo, pambali pa kompyuta yofunda bulangete ija, ndipo amene adaloza pamenepo ndine.

Apongozi adakweza dzanja. Abale anga, sindikudziwa kumene mawuwo adachokera. Kaya ndi kutentha kwa mbaula kudamasula chifuwa, kaya ndi Mulungu, koma nkhalamba ija idaimba ngati mnyamata. Adaimba nyimbo ina, kenaka ina, osatsokomola. Adafika mpaka pa nyimbo imene adapeka atamwalira akazi awo, imene kwayayo imangodziwa kolasi yake yokha, iwo n'kuimba ndime zonse okha. Amayi amapukuta misozi ndi nsonga za zitenje. Ine sindidafune kudula mzimu woterowo, choncho sindidaimitse makina kuti ndisunge zimene tajambula. Ndimati tisungira pamodzi pomaliza.

Fungo ndidalimva, koma ndidati ndi makala. Nditayang'ana pasikirini, mzere umene umayenda makina akamajambula udali utaima. Ndidadina apa, ndidadina apo. Kenaka kudada. Nditavundukula bulangete, mudatuluka mpweya ngati wa mu uvuni wa masikono.

Apongozi adamaliza ndime yomaliza, napuma, nanditembenukira nkhope ikuwala.

"Akamwini, tatibwezerani kuti timve."

Ndidati makina atopa pang'ono, akupuma. Adafunsa ngati nyimbozo zili m'katimo. Ndidayamba kufotokoza za magetsi a masiku ano, mmene akuvutira, koma mayi a Tadala adaloza babu limene limayaka bwinobwino pamwamba pathu. Apongozi adayang'ana bokosilo nthawi yaitali, nayang'ananso jekete langa.

"Ng'ombe ija inkalira bwino kuposa ichi," adatero, n'kutenga chipewa chawo.

Ku Lilongwe bambo uja adatsegula bokosi, nanunkhiza, nati ubongo wapsa pamodzi ndi thabwa lonse la mawaya limene umakhalapo, ndipo zojambulazo sizidafike n'komwe posungira. Adati ndikagula zatsopano, kafani kaja andipatsa kaulere. Ndidalibe chogulira. Ndidayamba kusonkhanitsa pang'onopang'ono za mawailesi, ndikumauza apongozi kuti mwezi wamawa. Mvula isanagwe mawu awo adatheratu, amangonong'ona. Chaka chotsatira tidawaika.

Pamaliro kwaya idaimba nyimbo ija ya akazi awo. Idaimba kolasi, n'kufika pa ndime, n'kungong'ung'udza, n'kubwereranso ku kolasi. Palibe adanditchula, koma mpando wa pafupi ndi ine udakhala wopanda munthu mpaka kumanda.

Bokosi la maliro ndidakagula ndine, monga mkamwini. Kalipentala atatchula mtengo, pakamwa panga padatseguka pokha, mawu oti "akulu" atafika kale pamilomo. Mayi a Tadala adandigwira dzanja.

"Bambo a Tadala, mufuna achotse chivundikiro poti ku Dedza kumazizira?"

Ndidalipira mtengo woyamba, koyamba m'moyo wanga. Ndipo mpaka lero ndikudziwa ndithu kuti kalipentala uja adandibera.