Banki ya Pakhonde Panga

Lolemba
Mzere wa ku banki, miyendo kuwawa. Ndalama zomwe anandipatsa pondichotsa ntchito ku Makata zagona mmenemo chaka chathunthu. Ndi za lendi, mpaka ntchito ina itapezeka. Chiwongoladzanja chake? Cha minibasi yopita ku Zingwangwa, yobwerera ayi. Pomwe ngongole ya fizi yomwe ndinatenga komweko inandisenda khungu. Ndikufunsa mtsikana wa pawindo. Akuti, "Osungitsa timawapatsa pang'ono, obwereka timawatapa zambiri. Zotsala pakatipo ndiye zimaonetsa kuti banki ikuyenda bwino." Akunena akumwetulira. Ndatapa zanga zonse. Pakatipo nanenso ndikupafuna.

Lachiwiri
Banki yatsegulidwa pakhonde. Katundu: tebulo, mpando, kope, bolopeni, nkhope yolimba. Mayi Nsona a tomato asungitsa mpamba wawo, ndawalonjeza kangachepe pamwamba. Obwereka azibweza Lachisanu, ndi zambiri pamwamba. Masamu ake ndi osavuta, nanga a mataye a ku banki aja amatiposa chiyani?

Lachitatu
Obwereka mbwee! Osungitsa ndi Mayi Nsona omwe aja. Chikole chomwe ndalandira:
wailesi yosalankhula
ayironi yopanda chingwe
tambala mmodzi, wamoyo
"mumandidziwa kale, achimwene"
Mkazi wanga akungoyang'ana. Kayang'anidwe kakeko ndimakadziwa.

Lachinayi
Alamu anga a Zuze afika maso ali psuu. Maliro ku Nsanje, pakufunika galimoto yonyamula thupi. Ndikuyamba kufotokoza za pakatipo, mkazi wanga akundidula: "Chiwongoladzanja pa bokosi la amalume anga?" Ndawapatsa theka la zotsala, ndapepesanso. Ku banki kuja aika galasi pakati pa iwo ndi anthu. Lero ndadziwa ntchito yake. Banki ilibe alamu.

Lachisanu
Tsiku lobweza. Mnyamata wa tchipisi akuti mvula yamuonongera bizinesi. Mvula yake iti, mwezi wa Okutobala uno? Mwini wailesi wasamukira ku Bangwe. Otsalawo akandinenera kwa atcheya a mphakati wathu wa kutchalitchi, ndipo atcheya abwera okha: "Katapila pakati pa akhristu, bambo, ndi tchimo." Agamula kuti anthu azibweza zomwe anatenga zokha, akazipeza. Iwonso atcheyawo ali ndi ngongole ku banki, koma kumeneko sanapiteko kukalalikira. Zikundiwawa.

Loweruka
Mayi Nsona amva zonse kumsika. Afika ndi anzawo awiri, chitenje chomangira m'chiuno. "Zanga, ndi zapamwamba munalonjeza zija." Palibe mlonda, palibe chonena kuti netiweki yavuta. Ndapereka, anthu akuonerera pa mpanda. Zapamwambazo zachokera m'thumba la lendi. Tambala uja watha mbale yachitatu ya chimanga. Mwa makasitomala onse, amene akudya pakatipo ndi iyeyu.

Lamulungu
Ku Misa ndakhala kumbuyo. Obwereka otsala aja onse alipo, ovala bwino, akundipatsa dzanja la mtendere. Kunyumba ndawerengera: zolowa palibe, zotuluka zonse. Alandilodi adutsa, akuti, "Mwezi watha, a manijala." Tambala tadya. Mkazi wanga wandisitira shati ndi ayironi ya aneba, poti mawa ndikulawirira kumzere, kukapempha ngongole ya lendi kwa mtsikana womwetulira uja. Banki yawo iyenda bwinonso chaka chino.