Tsiku Limene Ndinalephera Kuphonya

Ku Nchalo kuli nyumba yanga ya malata, yomalizidwa bwino, imene mpaka lero mumagona mileme. Ine mwini wake ndimagona kwa Kasisi, kuchikamwini, kuseri kwa khola la mbuzi la apongozi anga. Anthu akandifunsa chifukwa chake ndimayankha kuti zokambirana zidakali m'kati. Yankho limeneli ndi loona, koma si lonse. Gwero la nkhaniyi ndi basiketibolo.

Kwathu kuno kuli timu yotchedwa Milamba, imene imasewera mu ligi ya chigawo cha kummwera. Amene anaitcha dzinali ankaidziwa nsomba: mlamba suoneka bwino, suthamanga modabwitsa, koma madzi akaphwa umabisala m'matope osafa. Chaka chilichonse Milamba inkathera pakati. Matimu a ku Blantyre akatsikira kuno, dzuwa linkawafooketsa ife n'kuwamaliza. Ife tikakwera chitunda kupita kwawo, tinkabwerako titazyolika. Chikho sitinkachiona, koma mu ligi sitinkatulukamo.

Ine ndine mphunzitsi wa masamu ku sekondale, ndipo anandiika mu komiti ya timuyi chifukwa cha digiri yanga. (Ndinene pano kuti mpira umenewu ndinali ndisanausewereko, ku yunivesite ndinkangoonerera, ndipo woonerera sasowa nzeru.) Pa msonkhano wina ndinaimirira n'kufotokoza maganizo amene ndinawasula mosamala.

Ndinati timu yathu ili ngati munda wa nzimbe. Nzimbe ukaidula imaphukiranso pachitsa, ukaidulanso imaphukiranso, koma chaka ndi chaka imanka nichepa mphamvu. Imafika nthawi imene a kuesiteti amalowetsa thirakitala n'kugalauza munda wonse, ngakhale ukuoneka wobiriwira, kuti abzale mbewu yatsopano. Osewera athu akuluakulu anali atadulidwa kokwanira. Anyamata aluso ankakhala pabenchi mpaka kutopa, kenako n'kupita kukadula nzimbe zenizeni. Choncho ndinapempha kuti akuluakulu onse apume, timu ikhale ya anyamata, ndipo tivomere kugonja kwa nyengo zingapo, ngakhale kutsika mu ligi kumene, kuti tsiku lina tidzatenge chikho.

Wapampando wathu, a Fombe, amene ali ndi golosale pamsika, sanagwirizane nazo msanga. Anati anthu amabwera pabwalo Loweruka kudzaona timu yawo ikupambana, osati kudzaona tsogolo. Anatinso mnyamata ukamuphunzitsa n'kudziwa mpira, a ku Blantyre amabwera ndi galimoto kudzamutenga, iwe n'kutsala ndi benchi yokha. Mfundozi zinali zolemera, ndipo ndinazilemekeza. Komabe ndinalankhula nthawi yaitali kuposa iwo, ndipo pa misonkhano ya masana kuno ku chigwa wolankhula nthawi yaitali ndiye amapambana.

"Chabwino," anatero a Fombe akudzipukuta thukuta. "Koma mukawauza ndinu, aphunzitsi. Si alamu anu amene aja?"

Apa m'pamene ndinakumbukira kuti nzimbe zanga zinali ndi mayina.

Kaputeni wa Milamba anali a Zuze, oyendetsa thirakitala kuesiteti, munthu wopitirira zaka makumi anayi, wa bondo lomangidwa bandeji nthawi zonse. A Zuze ndi mlongo wake wamkulu wa Esinati, mkazi wanga, ndipo chimwalirireni amalume awo ndiwo mwinimbumba. Ndiko kuti chitengwa changa, chilolezo chotenga mkazi ndi mwana wathu Tadala kupita nawo kunyumba yanga ya ku Nchalo, chinali m'manja mwawo. Ndinali nditachipempha kalekale, ndipo tsiku lokambirana linali litaikidwa: Lamulungu la sabata yomweyo. Ankhoswe anga anali atauzidwa kale kwa Chapananga.

Esinati anandimvetsera akupeta mapira, osatukula mutu.

"Bambo a Tadala, dikirani Lamulungu lidutse. Mpira sunawole."

Ndinamufotokozera kuti kubisa nkhaniyi mpaka nditalandira chitengwa kukanakhala chinyengo. (Chifukwa china, chimene sindinachitchule, chinali chakuti akazi a a Fombe anali atapita kale kumjigo, ndipo nkhani ikafika kumjigo siyembekezera Lamulungu.)

Ndinawapeza a Zuze atakhala pansi pa mtengo wa nimu, akumanganso bandeji. Ndinakhala pansi monga mkamwini, n'kuyamba ndi nzimbe. Anandisiya mpaka ndinafika pa thirakitala.

"Alamu, thirakitala ndimayendetsa ndine. Nenani zimene mwabwerera."

Ndinanena.

"Ndiye kuti ndine chitsa."

"Ayi alamu, ndi fanizo chabe."

"Nkhabe, ayi, musabweze mawu. Fanizo labwino." Anamanga bandeji mpaka kumapeto, n'kuitsina ndi pini. "Chitsa sachizula ndi pakamwa. Loweruka bweretsani ana anuwo, ife nkhalamba tikawapeza pabwalo. Akatigonjetsa, tipuma tonse. Tikawagonjetsa, inu mubwerere ku masamu. Tiyambe dzuwa lili paliwombo."

"Nanga za Lamulungu zija?"

"Lamulungu limabwera Loweruka likatha, aphunzitsi. Ngakhale ine wosaphunzira ndimadziwa."

Unali mwezi wa Okutobala. Bwalo lathu ndi la simenti, lopanda mthunzi, ndipo masana ake munthu ukhoza kumva kutentha kukudutsa m'nsapato. Anthu anadzaza kuposa tsiku lililonse la ligi. Anyamata anga anabwera asanu okha, chiwerengero chokwanira kuyamba masewero koma chosasiya wolowa m'malo. Ena onse anadwala mwadzidzidzi atamva kuti akalimbana ndi amalume awo. Chiyembekezo changa chinali pa Lazaro, mnyamata wa ku Makhanga, wamtali ngati mponda wokankhira bwato.

Ndiyenera kufotokoza bwino mmene mtima wanga unalili. Anyamata akapambana, ndiye kuti ndachititsa manyazi mwinimbumba pamaso pa mudzi wonse, tsiku limodzi ndisanakagwade pamaso pake. Akagonja, ndiye kuti digiri yanga yagonja nawo. Lazaro akachinya ndinkaomba m'manja kamodzi, n'kuyang'ana uku ndi uku. A Zuze akachinya ndinkaombanso kamodzi. Palibe amene ankadziwa mbali yanga, ndi ine ndemwe.

Chigawo choyamba anyamata anauluka. Akuluakulu sankathamanga n'komwe. Ankangoyenda, kupatsirana mpira, kuima pamene ankadziwa kuti mpira ubwera. Titadutsa pakati, dzuwa linayamba kuwasewerera. Anyamata anayamba kugwira m'chiuno, ndipo mapointi amene anatsogola nawo anasungunuka limodzilimodzi. Nthawi itatsala pang'ono kutha, mmodzi wa iwo anakhala pansi pakati pa bwalo, mwendo utakokana, ndipo anamunyamula.

Woimbira anafunsa ngati pali wolowa m'malo. Panalibe. Ndinayamba kumva mpumulo: masewero atha popanda wopambana, ndipo nkhani ibwerera ku komiti kumene ndimadziwa kusewera.

"Alipo!" anafuula a Zuze, akuloza ine. "Alowe mwini munda."

Anthu anakuwa. Ndinanena kuti ndavala buluku ndi nsapato za kuntchito. Nthawi yomweyo kunapezeka kabudula ndi nsapato za wovulala uja, ndipo anandivekera kuseri kwa galimoto la a Fombe. Kabudulayo anali wa munthu woonda. Nditatuluka, munthu woyamba kukumana naye maso anali apongozi anga, amene chikwatirireni anali asanaonepo ngakhale akakolo anga. Anakoka chitenje kuphimba kumaso, n'kutembenukira kumunda wa thonje, ndipo anakhala choncho mpaka masewero anatha. (Ndimawathokoza mpaka lero. Ndi munthu yekhayo kwa Kasisi amene sanaone zimene zinatsatira.)

Njira yanga inali yosavuta: kukhala kutali ndi mpira. Ukapita kumanja, ine kumanzere. Izi zinayenda bwino kwa kanthawi, koma zinali ndi vuto limene ndikanayenera kuliona monga munthu wa masamu. Popeza palibe amene ankandilondera, akuluakulu awiri anamuunjirira Lazaro, ndipo munthu yekhayo womasuka pabwalo lonse ndinali ine. Tinali titatsalira ndi pointi imodzi. Pothawa, ndinapezeka ndili pansi penipeni pa mphete yoponyeramo mpira.

"Aphunzitsi!" anakuwa Lazaro.

Mpira unandipeza pachifuwa. Ndinaufungatira ngati khanda, ndikuganiza. Ndisanamalize kuganiza, a Zuze anandiwomba ndi phewa, ndipo ndinaona thambo. Wezulo analira. Nthawi inali itatha, koma woimbira anandipatsa mipira iwiri ya chilango, yoponya popanda wotchinga.

A Zuze anandidzutsa okha, n'kundisansa fumbi kumsana.

"Pepani alamu. Ponyani."

Ndinaima pamzere, simenti ikundiwotcha, ndipo maganizo anga anali oyera kuposa nthawi ina iliyonse. Ndikaphonya yonse iwiri, akuluakulu apambana, a Zuze agona mosangalala, mawa ndilandira chitengwa. Digiri ichira yokha. Ndipotu ine ndi amene ndinaphunzitsa komiti kuti pali kugonja kwina kwanzeru, kumene munthu amakusankha chifukwa cha mawa. Ndinaona Esinati ataima kumapeto kwa bwalo, mwana ali kumbuyo. Ndinasankha kuphonya.

Komabe kuphonyako kunafunika kuoneka ngati kwangozi. Mpira woyamba ndinaganiza zouponya mwamphamvu kwambiri, kuti umenye thabwa la kuseri kwa mphete n'kubwerera. Unamenyadi thabwa. Kenako unalowa.

Phokoso lake sindingathe kulifotokoza. Lazaro anandinyamula m'mwamba, ine ndikumupempha kuti andisiye. Tinali tafanana mapointi. Ndinayang'ana a Zuze; anali ataweramira pa maondo, akundiyang'anitsitsa, osaphethira.

Mpata unalipobe. Ndikaphonya wachiwiri, tipita ku nthawi yoonjezera, ndipo anyamata anga anali atatheratu. Ndinaona kuti cholakwika changa poyamba chinali kulunjika. Tsono ndinachotsa chilichonse chimene chikanathandiza mpirawo. Ndinaugwira ndi manja awiri pansi, pakati pa maondo, monga mmene mayi amatayira madzi otsukira mbale, ndinatsinzina, n'kuukankhira m'mwamba.

Sindinaone, koma anthu a kwa Kasisi andifotokozera kokwanira. Akuti unakwera kwambiri, n'kutsikira pamphete, n'kuyamba kuzungulira m'mphepete ngati ukufunsa njira. Chimene ndinamva ine ndi mpweya wa anthu onse ukukokedwa pamodzi, kenako mawu a a Fombe: "Mayo ine, walowa!"

A Zuze anabwera, n'kundigwira chanza. "Pyadidi, zili bwino," anatero. Anavula malaya a ukaputeni n'kumupatsa Lazaro, n'kunyamuka akutsimphina.

Lamulungu tinakhala pansi pa nimu uja. Ankhoswe anga, amalume a Bizeki, anayala nkhani mwaulemu wonse: mwana wathu wakhala nanu, walima, wabereka, wamanga nyumba, tsopano tikupempha. Ine ndinayang'ana pansi monga mwa mwambo. A Zuze anathokoza, ndipo yankho lawo analilunjika kwa amalume, osati kwa ine.

"Za dzulo ndagonja, ndipo ndavomera. Bondo langa likuti takhuta, zikomo. Akanandigonjetsa ali maso, bwenzi lero ndikuwanyamulira katundu ndekha pathirakitala. Koma ine ndinali pafupi. Alamu anatsinzina."

Amalume anandiweramira. "Unatsinzinadi?"

"Pang'ono."

"Munthu wofuna kundigwetsa andiyang'ane," anapitiriza a Zuze. "Awa anafuna kundiponyera chipambano ngati fupa. Ndine galu ine? Chachiwiri, ana aja anawasonkhanitsa okha, anawaika padzuwa okha, ndipo zitafika povuta anafuna kuwagulitsa. Nanga ku Nchaloko zikadzavuta, mlongo wanga adzamutsinziniranso? Chachitatu..." Apa anaima, ndipo ndinaona kuti akulimbana ndi milomo yawo kuti asaseke. "Chachitatu, munthu wake walephera ngakhale kuphonya. Ameneyu tingamusiyire banja yekha kutali?"

Amalume a Bizeki, amene anayenda ulendo wonse uja kudzandiimira, anaseka mpaka kutsokomola. Chigamulo chinali chakuti ndikhalebe pamudzi, akundionabe kaye.

Pobwerera kunyumba Esinati anali patsogolo, ine pambuyo. Sanakalipe. Titafika pakhomo anatsitsa mwana, n'kundiyang'ana mwachifundo.

"Bambo a Tadala, mukanangoponya ndi mtima wonse, mukanaphonya."

Ndasinkhasinkha mawu amenewa ndipo sindinapeze powatsutsira. Milamba ya anyamata ikugonja monga ndinalosera, ndipo anthu pabwalo achepa monga analosera a Fombe. Kochi wake tsopano ndi a Zuze, amene akuti ana aja ali ndi tsogolo. Ine ndikukhulupirirabe kuti timu imene yakhazikika pakati iyenera kugalauzidwa, ndipo wina akandifunsa ndidzabwereza zomwezo. Chimene ndasintha n'chakuti ndikaweruka ndimatsala pabwalo la kusukulu, kuponya mpira ndili maso, ndi mtima wonse, pokonzekera tsiku limene alamu adzandiyesenso. Mpaka pano sunalowepo.