Mjigo Umene Ndinaupirikitsa ndi Faelo Yanga

Dandaulo loyamba pa nkhani ya mjigoyi ndinalemba Lachiwiri la sabata yachiwiri ya Okutobala, chaka chotsatira chisankho cha matipate. Kope lake ndili nalo. Koma poti ndine munthu wa chilungamo, ndiulule kuti amene anaononga zinthu ndine ndemwe.

Mbali yathu ino ya Machinjiri mipope inali isanafike (mpaka pano sinafikebe), amayi ankatunga madzi kukhwawa. Tsiku lina kunaima galimoto yoyera ya bungwe lina la kunja. Munatuluka mayi wachizungu ndi bambo wa tayi womasulira. Anayala mapu pagalimotopo n'kunena kuti akumba mjigo kumapeto kwa puloti yanga. Amayi a dera lonse anakhamukira pakhomo, nthungululu zili pakamwa.

"Bwanawa akuti anthu a kwawo atumiza thandizoli kwa inu, anthu ovutika a kumudzi," anatero womasulira.

Kumudzi? Ine, amene ndinagwira ukalaliki ku Limbe mpaka kupuma?

"Achimwene, mawuwo mubweze. Kuno ndi mumzinda wa Blantyre."

Mayi a kunyumba ananditsina pamkono. "Abambo, takhalani chete."

Sindinamve. Ndinalowa m'nyumba n'kutulutsa faelo yobiriwira (yofiira ndi ya misonkho, musasokoneze). Ndinaonetsa kalata ya chidindo yotsimikiza kuti puloti yanga ili mumzinda. Ndinaonjeza mapu anga, n'kulondoleza ndi chala mzere wa malire umene umatsata khwawa lomwelo: uku tauni, tsidyalo mudzi.

Mzungu uja anawerenga mofatsa, akugwedeza mutu. Anandigwira chanza. Ndivomere, ndinamwetulira n'kuyang'ana amayi aja kuti aone. Kenako mzunguyo anapinda mapu ake.

"Akuti zikomo kwambiri, mdala, mwawapulumutsa," anatero wa tayi. "Thandizoli ndi la kumidzi basi. Akanakumba kuno akanafunsidwa kwawo."

"Nanga la m'tauni?"

"La m'tauni liliko. Koma chaka chino analilembera dziko lina."

Ludzu la munthu likhale ndi malire? Anthu okhala kutsidya kwa nyanja, amene sanaonepo khwawa lathu, adziwe kuti mmero wa tsidya lino sunaume ngati wa tsidya ilo?

Mjigowo anaukumbadi kutsidya. Ndikakhala pakhonde ndimauona, ndimaumvanso kulira. Amayi athu amawoloka khwawa, kukwera chitunda, n'kukaima pambuyo pa eni mudzi, amene amayamba ndiwo kutunga.

Mayi Nachuma, oyandikana nawo nyumba, sanandilekerere. M'mawa uliwonse, ndowa ili pamutu: "Mwadzuka bwanji a m'tauni? Mwasamba kale madzi a mufaelo?"

Mayi a kunyumba sanakalipe. Anangomangirira zigubu ziwiri panjinga yanga n'kuti, "Poti malire mumawadziwa bwino, abambo, simusochera." Mpaka lero ndimapita ndine, mwamuna yekha pamzere, jekete ili pathupi.

Akuti ndiphunzirepo kutseka pakamwa. Komatu kalata yanga inali yoona, ndipo chidindo chake chikuonekabe bwinobwino.

Choncho, mwaulemu, ndikupempha akuluakulu oona za malire kuti mzere uja ausunthe, udutse kuseri kwa chimbudzi changa, ndipo ine andilembe kuti ndine munthu wa kumudzi, wovutika. Yankho likhale lolembedwa, la chidindo, makope awiri.